Kabokosi Kamene Alexio Anabisa Kumanda

Kwa Tsindwi, mudzi wa chakumtunda kwa Msakambewa, foni inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu choyandikana ndi mjigo. Wofuna kuimba ankakwera pamenepo, n'kukweza foni m'mwamba kusaka netiweki, ikapezeka n'kuyamba kukuwa, poti mawu ankangodukaduka. Ndiye tangoganizani: mayi akuuza mwamuna wake ali ku Joni kuti mwana wamkazi wachimwitsidwa kusukulu, uku amayi khumi ali pamzere wa madzi, ndowa zikusefukira osaziona. Nkhani ya pachulu inkafika kumapeto kwa mudzi mwini wake asanatsike n'komwe. Anthu ankangoseka nazo. Koma Alexio Mbewe zinkamunyansa, ndipo zonse zimene amadziwika nazo lero, zokoma ndi zowawa zomwe, zinayambira pa kunyansidwa kumeneko.

Alexio anali bambo wamfupi, wa dazi lonyezimira, mlimi wa fodya ngati aliyense kumeneko. Sukulu anailekezera Fomu 2, koma chinthu cha waya sankachiona n'kuchidutsa. Ali ndi zaka khumi anaphwasula wailesi ya akatekisi kuti aone anthu oyankhula m'katimo. Anakwapulidwa, mawa lake anaibwezeretsa ikulira bwino kuposa kale. Kuyambira pamenepo mawailesi, matochi, masola ndi mafoni akufa a midzi isanu ankathera pakhonde pake. Bambo ake anali Mkatolika wa korona m'khosi, ndipo anyamata a msinkhu wa Alexio atalowa gule wamkulu, iwo anamenyetsa nkhwangwa pamwala kuti mwana wawo kudambwe sakapondako. Moti mpaka dazi, mpaka kukhala mkulu wa mphakati, Alexio anali wosavinidwa. Gule akatulukira pamsewu, iye ankapatuka pamodzi ndi amayi ndi ana, njinga n'kuikokera patchire.

Chilema chake chinali chimodzi. Munthuyu kupempha thandizo ankakuona ngati kuvula pagulu. Mkazi wake Anjelina ankakonda kunena kuti, "Abambo a Rakele akhoza kusochera mpaka ku Kasungu, koma njira sangafunse." Iye ankangoseka, poti zinali zoona.

Lachiwiri lina, tsiku la msika ku Dzaleka, anapita kukagula mabatire a mafoni kwa Benjamini, Mkongo wa kashopu ka malata amene ankamugulitsa zipangizo. Anamupeza akuseweretsa kabokosi kakang'ono ngati ka sopo wosambira, kali ndi kaeriyo kotalika ngati chala.

"Kameneka, bambo Alexio, sikadziwa kampani iliyonse," anatero Benjamini. "Kalibe simukhadi, sikadya mayunitsi, sikafunsa chiphaso. Mumalemba mawu pafoni, foni imapatsira kabokosi, kabokosi kamaponyera kanzake ka patsogolo, kanzakeko n'kuponyeranso kena, mpaka mawu afike. Timabokosi ta panjira timangonyamula, kuwerenga sititha. Mawu amatseguka kwa mwini wake yekha."

"Nanga bwana wake wa zimenezi ali kuti?"

"Palibe bwana. Aliyense wokhala ndi kabokosi ndiye nsanja."

Alexio anati n'zocheza. Benjamini anatsegula foni yake, n'kuchotsa simukhadi, n'kuiika pathebulo. Analemba mawu kwa mnzake wokhala kutsidya lina la msasa wa othawa nkhondowo, ndipo asanameze malovu yankho linafika. Alexio anangoti kukamwa yasa. Anainyamula simukhadi ija, kuitembenuza, kuyang'ana foni, kuyang'ananso Benjamini, thukuta lili kamukamu padazi.

"Kwathu ndinaona anthu akusowa chifukwa cha zimene ananena pafoni," anatero Benjamini, uku akubwezera simukhadi ija. "N'chifukwa chake ndimakakonda. Koma lamulo lake ndi limodzi: timabokosi tizionana. Phiri likatchinga pakati, basi, mawu afera pomwepo."

Alexio anabwerera ndi timabokosi titatu m'chikwama. Koyamba anakamanga padenga la tchalitchi, kachiwiri pachigayo, kachitatu pachigafa chake cha fodya, kalikonse ndi kasola kake. Kalabu ya alimi itaona kuti si bodza inagula tina, ndipo chaka chisanathe timabokosi tisanu ndi titatu tinali kuponyerana mawu m'midzi ya kumeneko. Achinyamata ankanyoza kuti netiweki yanji yopanda zithunzi, yopanda mawu apakamwa, yongolemba basi. Koma mzere wa pachulu unachepa, ndipo amayi a pamjigo anayamba kudandaula kuti mudzi wazizira.

Mudzi umodzi wokha ndi umene unamukanika, ndipo unali umene ankaufuna kuposa yonse. Mwana wake mmodzi yekha wamkazi, Rakele, anakwatiwa chitengwa kwa Gwirize, mbali ya ku Ntchisi, m'chigwa cha kuseri kwa mtunda waukulu. Kumeneko ndiye kunalibe ngakhale chulu. Alexio anakamangako kabokosi, koma mawu sankawoloka mtunda. Pakati pa midzi iwiriyi panali ulendo wa maola atatu wapansi. Mtundawo unali wometa mpala, mitengo yonse inathera m'zigafa za fodya ndi m'mauvuni a njerwa. Alexio anazikapo mlongoti wa kabokosi, kasola kanabedwa pasanathe masiku awiri. Anazikanso wina, nthawi ino mbava zinatenga ndi kabokosi komwe.

Pamtunda ponsepo mitengo inatsala malo amodzi, kumanda a kwa Tsindwi. Kumanda nkhwangwa siilowa, mbava siilowa. Pakati pake panali muwanga waukulu umene unkaoneka kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo Alexio ankati akauyang'ana malovu ankadzadza m'kamwa. Koma kumanda munthu samangolowako ngati kudimba. Amalowa pakagwa maliro basi. Kuwonjezera apo, m'nkhalango yomweyo ndi mmene munali dambwe, ndiye wosavinidwa wopezeka m'menemo popanda maliro ndi mlandu woti mbuzi zimapita, ulemu n'kupitira limodzi. Kupempha chilolezo? Mkulu wa mphakati akagwade kwa anthu a gule, mawa nkhani ikafike kwa abambo mfumu kuparishi? Alexio anati bola kufa.

Ndiye anachita zake zija. Kutagwa maliro a mayi wina wa banja la kumunsi, iye analawirira ndi khasu kukathandiza adzukulu kukumba. Mkulu wa adzukulu anali Yeremiya Nkhoma, mnzake wa paubwana amene ankaweta naye mbuzi, munthu wamtali wosalankhulalankhula, amene aliyense ankadziwa kuti ku zagule ndi wamkulu ngakhale palibe ankanena mokweza. Manda atatha, chakudya cha adzukulu chinafika panjira kunja kwa nkhalango, onse n'kutuluka kukadya. Alexio anati m'mimba mwake simuli bwino, atsala ayang'anire makasu. Atangoti zii, anavula nsapato, n'kukwera muwanga uja ndi kachikwama kumsana. Bambo wa zaka makumi asanu, akunena Tikuoneni Maria chamumtima! Anamanga kabokosi panthambi ya pamwamba ndi malegeni, kasola n'kukayang'anitsa kumwamba, n'kutsika mikono ili mikwingwirima yokhayokha.

Madzulo a tsiku lomwelo foni yake inanjenjemera. "Ababa, mawu anu afika. Ndine Rakele." Alexio anawerenga kasanu. Anjelina anaimba nthungululu pakhomo, anthu n'kumadabwa kuti nthungululu pa tsiku la maliro zatani.

Anthu akafunsa kumene anaika kabokosi kachisanu ndi chinayi, iye ankangoloza ndi milomo chakumtunda, n'kunena kuti, "Kuphiri uko, malo obisika, mbava zingamve." Ngakhale Anjelina sanamuuze. Kolapa nako ankaulula zina zonse, kukwiya, kujomba korona, koma muwanga ankaudumpha. Chaka ndi theka kabokosi kanagwira ntchito osadodoma. Mauthenga a matenda, a mitengo ya fodya, a ng'ombe zosochera, a zibwenzi zomwe, ankadutsa pamwamba pa akufa usana uliwonse.

Kenaka unafika Okutobala wa chaka chatha, dzuwa likuswa mtengo. Rakele anali ndi pakati poyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu, mapazi atatupa moti patapata sankalowa. Kusikelo anamuuza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, mwezi ukatha apite akadikirire kuchipatala, koma mutu ukayamba kuwawa kapena maso kuchita chidima asadikire ngakhale ola limodzi. Banja linapangana bwinobwino. Chikachitika chilichonse, mwamuna wake alembe uthenga, Alexio atumize Lester wa kabaza, amene panjinga yake yamoto ankafika kwa Gwirize m'mphindi makumi anayi. M'mawa uliwonse Rakele ankalemba, "Ndadzuka bwino, ababa," ndipo Alexio sankapita kudimba asanawerenge mawu amenewo.

Lachinayi lina uthenga sunafike. Alexio anadikira mpaka dzuwa kukwera, kenaka anatsegula pamene foni imaonetsa timabokosi tamoyo. Tonse tinalipo kupatula kachisanu ndi chinayi, ndi ka kwa Gwirize kamene kankadalira komweko. Anazimitsa foni, kuyatsanso, kukwera padenga la chigafa. Palibe.

Kudimba, kumene amuna onse ankathirira nazale za fodya, anthu anali atadziwa kale kuti mawu sakuwoloka mtunda. Anamuzinga ndi makheni awo m'manja.

"Chitsulo china chapsa m'kati," anatero Alexio, osaphethira n'komwe. "Ndaitanitsa kale ku Lilongwe."

Yeremiya anatula kheni yake pansi. "Palibe chimene tingathandizepo, a Mbewe?"

"Ayi, a Nkhoma, izi n'zamawaya. Zikufuna mwini wake."

Yeremiya anamuyang'ana kanthawi, n'kunyamula kheni, n'kubwerera kuchitsime. Ine wofotokozane mpaka lero ndikafika pamenepa ndimafuna kumugwira Alexio pakhosi la malaya n'kumugwedeza. Mawu anayi okha akanakwana. Koma munthu uja anapitiriza kuthirira fodya wake.

Si kuti anakhala pansi. Masana a tsiku lotsatira, anthu atabisala m'mithunzi, anazemba kulowera kumtunda. Koma Okutobala ndi nyengo ya gule, nkhalango ija siikhala yopanda anthu. Asanafike n'komwe anaona tinsalu tofiira tomangidwa pa zitsamba za m'mbali mwa njira, chizindikiro choti wosavinidwa alekezere pomwepo, ndipo m'katimo munamveka chifuwa cha munthu. Anabwerera liwiro la mtondo wadooka. Anayesa kulumikiza nsungwi zitatu n'kuziimika pamwala wa kunja kwa manda, koma sizinafike ngakhale theka la muwanga, mawu osawoloka. Anapalasa njinga mpaka ku Dzaleka, Benjamini n'kumuuza kuti timabokosi tatha, tina tifika pakatha milungu iwiri kapena itatu.

"Koma kali kuti kabokosiko?" anafunsa Benjamini. "Kawirikawiri sikafa. Ndi fumbi pasola, kapena waya wasomoka. Tiyeni tipitire limodzi tikakaone."

"N'kutali," anatero Alexio, n'kusintha nkhani.

Kunyumba Anjelina anali atayamba kuvuta. "Abambo a Rakele, tiyeni tingomutenga mwanayu adzakhale kuno. Ine mtima wanga suli m'malo."

"Mawa zikhala zitatheka, amake Rakele. Tim'vutitsirenji ndi msewu wa miyala uja, masiku atsala owerengeka?"

Mawu omwewo ankakanena kwa Gwirize, poti tsiku lachiwiri lililonse ankapalasa njinga kukamuona. Ankamupeza Rakele atakhala pamkeka, miyendo atatambasula, akusenda mtedza. Mkamwini ankafunsa za netiweki, Alexio n'kuyankha kuti mawa, azingoyesabe kulemba. Ndipo anthu ankamukhulupirira, chifukwa pa zamawaya Alexio anali asananamepo.

Khomo linatsala limodzi, maliro. Poyamba ganizoli linangodutsa, iye n'kulithamangitsa ndi chizindikiro cha mtanda. Koma linabweranso. Kumapeto kwa mudzi kunali a Luke, nkhalamba yoti zaka zake palibe ankazidziwa, imene inali itagona milungu iwiri osadya. Lamulungu masana Alexio anatsogolera a mphakati kukawapempherera. Anagwada pafupi ndi mphasa, korona m'manja, pakamwa pakutuluka pemphero la odwala. Koma maso ake anali pa nthiti za a Luke, kuona mmene zinkakwerera ndi kutsika, ndipo m'mutu mwake ankakonza kale zoti atenge: pulayala, waya, kansanza kopukutira sola. Pemphero lili m'kati, a Luke anatsegula maso, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kunena ndi mawu omveka bwino kuti, "Kodi phala lilipo?"

Amayi anaomba m'manja, wina anayambitsa nyimbo yothokoza. Alexio anamva mtima wake ukugwa ndi kukhumudwa. Kenaka anazindikira chimene chamukhumudwitsa. Anatuluka osatsazika, n'kukaima kuseri kwa nkhokwe, korona n'kugwa pansi. Iye, Alexio, mwana wa bambo ake, wagwada pambali pa munthu wodwala kumupempherera imfa! Anachita mantha ndi iye mwini, mantha oposa a tinsalu tofiira tija. Pomwepo anatsimikiza kuti akamuuza Yeremiya. Anafika mpaka pa mpanda wa nyumba yake, n'kumva kuti m'katimo muli alendo akuseka, n'kunena kuti abweranso mawa. Mawa lake anati adikire kaye Benjamini.

Tsiku la khumi ndi chimodzi chizimire kabokosi, Rakele anadzuka mutu ukuwawa ngati ukung'ambika, akuona tinyenyezi m'maso. Mwamuna wake analemba uthenga. Sunapite. Analembanso, poti apongozi anali atanena dzulo lake kuti lero zitheka. Anakwera padenga, anayendayenda ndi foni pabwalo, kulemba, kudikira, kulembanso, mpaka dzuwa linafika pamutu. Rakele atayamba kugwedezeka thupi lonse, maso atatembenuka, m'pamene anathamangira kukamanga ng'ombe pangolo.

Alexio anali pakhonde akuwotcherera waya wa tochi pamene anamva kulira kwa mateyala a ngolo ndi mfuu ya amayi kuchokera kumtunda. Anaimirira. Ngolo inatsika ndi fumbi, ng'ombe zikuchita thovu kukamwa, ndipo m'katimo munali mwana wake, atamugwira anthu atatu, atadziluma lilime, chitenje chili magazi. Rakele sanawazindikire bambo ake. Anjelina ndiye anamulanda foni m'thumba n'kuipereka kwa Lester, amene anali atathamangira pomwepo, kuti alembere mwini chigayo abwere ndi galimoto yake. Mbali ino ya mtunda timabokosi tinkagwira bwinobwino, moti galimoto inafika mphindi khumi zisanathe.

Kuchipatala anamupulumutsa Rakele. Mwana, wamwamuna, anabadwa atafa kale. Namwino sanakalipe, anangofunsa kuti mutu unayamba nthawi yanji, atamva kuti m'mawa anapukusa mutu n'kupitiriza kulemba.

M'mawa mwake Anjelina anabwerera kumudzi ndi amayi awiri, atanyamula kamtolo kokulunga m'chitenje chatsopano, chimene anagulira kuti adzaberekere mdzukulu. Pabwalo panalibe nyimbo, panalibe moto wa maliro, panalibe wolira. Amayi achikulire asanu anasonkhana mwakachetechete, mmodzi atatenga khasu, n'kuyamba kulowera kumtunda. Alexio anadzambatuka n'kuwatsatira. Ndipo ndinene zoona zake, chifukwa iye mwini anadzaulula pambuyo pake: m'kati mwa chisoni chonsecho, kamawu kena kanamunong'oneza kuti khomo lija latseguka.

Anjelina anatembenuka. Maso ake anali ouma gwa.

"Mukupita kuti, abambo a Rakele?"

"Kukaika mdzukulu wanga."

"Mwaiwala? Uyu ndi mtayo. Mwana wobadwa wakufa timaika ndife amayi tokha. Amuna safikako."

Sanaiwale. Ankadziwa kuyambira ali mwana. Anangoima pakati pa njira, manja lende, kuwayang'ana amayi aja akukwera mtunda mpaka analowa m'mphepete mwa nkhalango. Kenaka anakhala pamwala wa m'mbali mwa njira.

Sanamve kuti Yeremiya wafika nthawi yanji. Anangoona mthunzi wautali, kenaka munthu akukhala pambali pake.

"Yeremiya," anatero Alexio, kumutchula dzina koyamba pa zaka makumi atatu. "Ndinanama. Palibe chitsulo chimene ndinaitanitsa ku Lilongwe. Kabokosi kali kumanda, m'muwanga. Ndinakamanga tsiku lija ndinati m'mimba mukundipweteka. Chitani nane chimene mufuna, mbuzi zonse tengani."

Yeremiya sanatembenuke. "Tikudziwa."

"Mukudziwa chiyani?"

"Iwe Alexio, munthu wodwala m'mimba amatsala ndi makungwa a mtengo pamalaya? Tinakaona sabata yomweyo. Kali ndi kanyali kobiriwira, kamaphethira. Akuluakulu anakhalirana pansi, ena anati tikagwetse, ena anati ayi, mwana wa mlongo wanga anapulumuka nako atalumidwa ndi njoka, maliro tikuitanirana pomwepo. Tinagwirizana kuti kakhale. Ana tinawaletsa kukalasa ndi malegeni."

Alexio anamuyang'ana ngati munthu amene sanamuonepo. "Chaka ndi theka? Osandiuza?"

"Ndikanakuuza bwanji? Za m'nkhalango muja sititulutsa kwa munthu wosalowa, ukudziwa iwe. Ine sindikanayamba. Koma kabokosi si chinsinsi chathu, n'chako. Ukanangoyamba iweyo, ine ndikanayankha. N'chifukwa chake ndinakufunsa kudimba kuja."

"Ndiye kali bwanji?" Mawu a Alexio anatuluka ang'onoang'ono. "Kanagwa? Kanapsa?"

Apa m'pamene Yeremiya anatembenuka, nkhope yake itasintha. "Kali pomwe unakamanga. Koma akhwangwala anamanga chisa panthambi yomweyo. Zinyalala zawo zaphimba kagalasi kaja konse. Ndakhala ndikuchiona chisacho tsiku ndi tsiku. Ndinaganizapo zochichotsa, koma iwe unati chitsulo chapsa, unati zikufuna mwini wake. Ine zamawaya ndizidziwira kuti? Alexio, usandiuze kuti ndi chisa."

Alexio anaziona zonse m'mutu mwake. Sola yophimbidwa, batire n'kutha pang'onopang'ono, kabokosi n'kuzima. Mwana wa Sitandade 5 akanadziwa.

"Ndi chisa?" anafunsanso Yeremiya. "Chinthu choti ndikanakwera n'kukankha ndi dzanja?"

Alexio anagwedeza mutu kuvomera. Yeremiya anagwira kukamwa. Amuna awiri aja anakhala pamwalapo atazizidwa dzuwa likutentha, wina osatha kuyang'ana mnzake.

Kumtunda amayi anatulukira m'nkhalango, akutsika mondondozana, khasu paphewa, Anjelina ali patsogolo manja ali zii opanda kanthu. Alexio ataona manja amenewo, anatsegula kukamwa, ndipo kulira kunayamba kutuluka, kulira kwa bambo wamkulu, kosadziwa kudzigwira.

Dzanja la Yeremiya, lokhakhala ndi makasu a manda, linamutseka pakamwa mwamphamvu.

"Ayi, Alexio. Mtayo sitilira. Akuluakulu amati ukalira, mayi wake sadzaberekanso. Mulekere Rakele."

Moyo wake wonse Alexio ankati zimenezo n'zachikunja, ndipo anali ataphunzitsapo choncho kumphakati. Koma tsiku limenelo sanatsutse. Anagwira dzanja la mnzakeyo ndi manja ake onse awiri, n'kulikanikiza yekha pakamwa pake, mapewa akugwedezeka, mpaka amayi onse anadutsa.